Mmene mungasanthulire nkhani ya m'nyuzipepala kuti muone komwe ikukukokerani

Sankhani nkhani imodzi, mutenge cholembera. Ngati mukuwerenga pa foni, koperani papepala mutu wake ndi ndime zitatu zoyambirira, chifukwa mpamene mtolankhani amaika zomwe akufuna kuti zikhale m'mutu mwanu. Muiwerenge kawiri. Ulendo woyamba mumve chimene chachitika, wachiwiri muone mmene chanenedwera.

Yambani ndi aneni, ndipo pa mneni aliyense mufunse kuti wachita ndani. Chichewa chili ndi njira zosavuta zobisira wochita chinthu. "Mtengo wa mafuta wakwera" ndi "bungwe la MERA lakweza mtengo wa mafuta" zikunena chinthu chimodzi, koma chiganizo choyamba chikumveka ngati mtengowo wadzikwerera wokha ngati madzi a mumtsinje. N'chimodzimodzi ndi ndalama za boma: "zasowa", "zasokonekera", "zabedwa", "akuluakulu ena aba". Mawu anayiwa akukwera ngati makwerero. Pa "zasowa" palibe wolakwa, pa "zabedwa" wakuba alipo koma nkhope yake yaphimbidwa. Lembani mzere pansi pa aneni onse othera ndi -idwa, -edwa, -ika kapena -eka, muwerenge kuti alipo angati. Akachuluka pa mbali imodzi yokha ya mkangano, mwachitsanzo "anthu avulazidwa" pomwe mbali inayo yalembedwa kuti "achinyamata aphwanya masitolo", nkhaniyo yapendekera kale.

Kenako onani aneni obweretsa zolankhula za anthu. "Wati" ndi "wanena" alibe mbali. "Waulula" akutanthauza kuti panali chobisika ndipo zomwe zanenedwazo ndi zoona. "Wavomera" akusonyeza kuti munthuyo anapanikizidwa. "Wadzudzula" amampatsa munthu mpando wa woweruza, pomwe "wadandaula" amamuika pansi, ngati wopempha chifundo. Nanga "akuti"? Kamawu aka kamagwira ntchito ziwiri. Nthawi zina kamateteza mtolankhani pa nkhani yomwe sinatsimikizike, nthawi zina kamaponya chikayiko pa mawu a munthu popanda umboni wotsutsa. Kuti mudziwe, chotsani mneniyo muikepo "wati". Ngati maganizo anu pa munthuyo asintha, ndiye kuti mneni uja amakukankhani.

Ulemu nawo umaulula zambiri, ndipo apa owerenga Chichewa tili ndi mwayi womwe wowerenga Chingerezi alibe. Yang'anani yemwe wapatsidwa "a" ndi yemwe wamanidwa. M'nkhani imodzi mutha kupeza wina akutchedwa "Olemekezeka" ndipo "ati", wina "mkuluyu" ndipo "wati". Nyuzipepala zina zili ndi lamulo lawo lolemba aliyense mofanana, choncho musafulumire. Vuto limakhalapo pamene anthu awiri a msinkhu ndi udindo wofanana alembedwa mosiyana m'ndime zoyandikana.

Pa maina a zinthu mpamene pamafunika kudekha. Anthu akayenda mumsewu ndi zikwangwani, wina alemba "zionetsero", wina "zipolowe", wina "chipwirikiti". Mawu aliwonse mwa awa atha kukhala oona, malinga ndi zomwe zinachitika, ndiye fufuzani m'nkhani momwemo ngati muli umboni wofanana ndi kulemera kwa mawuwo: masitolo angati, anthu angati ovulala, wanena ndani. Munthu amene wangogwidwa ndi apolisi ndi "woganiziridwa". Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limati munthu amatengedwa kuti ndi wosalakwa kufikira khoti litampeza wolakwa, kotero mutu wonena kuti "mbava yagwidwa" waweruza mlandu usanalowe m'khoti. Palinso maina amene amamatirira. Chisankho cha mu May 2019 anthu ambiri amangochitcha cha Tipp-Ex, ndipo kubedwa kwa ndalama ku Capital Hill komwe kunaululika mu 2013 kunakhala Cashgate. Dzina lotere limasenza chigamulo chonse m'mawu amodzi. Likagwiritsidwa ntchito pa nkhani yatsopano, funsani ngati zinthu ziwirizo zikufananadi.

Manambala amaoneka ngati sanganame, koma nawonso amasankhidwa. Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inasintha mtengo wa dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo zinamveka ponseponse kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Tawerengetsani nokha. Kusiyana kwake ndi K520. Mukagawa 520 ndi 1,180 mupeza 44 peresenti, komwe ndi kukwera kwa mtengo wa dola. Koma mukafunsa kuti kwacha yataya mphamvu yochuluka bwanji, mugawa 520 ndi 1,700, ndipo yankho ndi pafupifupi 31 peresenti. Manambala onse awiri ndi oona, akungoyankha mafunso osiyana. Pa peresenti iliyonse funsani kuti ndi gawo la chiyani, kuyambira liti. Ndipo onaninso mneni: "kwacha yagwa", "achepetsa mphamvu ya kwacha", kapena "asintha mtengo wa kwacha".

Kamvekedwe ka nkhani kamabisala m'timawu tating'ono: "ngakhale", "komabe", "pomaliza", "mpaka", "basi". Chiganizo choti "pomaliza nduna yalankhulapo" chanena kale kuti ndunayo inachedwa. Mwambi ukalowa m'nkhani, imani kaye. Mwambi umatseka pakamwa, chifukwa kuutsutsa kumaoneka ngati kutsutsa makolo, ndiye onani ngati waikidwa pamalo pomwe panayenera kukhala umboni.

Mukatero werengani anthu amene alankhula. Lembani mbali ziwiri papepala, muike chonga pa ndime iliyonse. Ndani wayamba, ndani watsiriza, ndani waponyedwa m'ndime yachisanu ndi chitatu pomwe ambiri asiya kale kuwerenga? Nkhani ya fetereza yokhala ndi nduna, katswiri ndi phungu koma yopanda mlimi ndi mmodzi yemwe ili ndi dzenje.

Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kupeza mawu amodzi olemera n'kugamula kuti mtolankhani wadya ndalama. Kawirikawiri mutu wa nkhani amalemba ndi mkonzi, osati amene anapita kukafunsa mafunso, ndipo nkhani zina za m'Chichewa zimachokera ku zikalata za m'Chingerezi zomasuliridwa mothamanga. Musagamule musanapeze zizindikiro zitatu kapena zinayi zoloza kumodzi. Kenako tengani nkhani yomweyo ya tsiku lomwelo ku The Nation ndi The Daily Times, kapena mumvere MBC ndi Zodiak, mulembe mitu yake moyandikana. Ngati mwaona kuti nkhani yaipitsa munthu popanda umboni, lemberani kaye mkonzi mutatchula ndime ndi mawu enieniwo. Akapanda kukonza, dandaulo limapita ku Media Council of Malawi.