Chipsepse cha injini ya boti chikang'aluka, konzani chonchi

Amene muli ndi ma injini a boti kuno ku Mangochi, kaya ku Makawa, Malembo, Msaka kaya ku Chembe komwe miyala ili mbwee pansi pa madzi, nkhani iyi ndi yanu. Nyengo ya mwera boti limafika pagombe mokankhidwa ndi mafunde, munthu usanakweze n'komwe injini, chipsepse cha pansi pa pulopela chija chamenya kale mwala. Mwina chapindika, mwina chang'aluka, mwinanso chabenthuka kumene. Ndiye ambiri amangonyamula injiniyo kupita nayo kwa owotcherera mageti ndi mawindo, ndipo apa ndi pomwe ndalama zimalowera m'madzi.

Mwendo wa injini ngati Yamaha Enduro, mbali yakumunsi ija yolowa m'madzi yomwe ili ndi chipsepsechi, ndi wa aluminiyamu, ndipo aluminiyamu ili ndi khalidwe lake. Imasungunuka pa madigiri 660 basi, koma kachikopa kamene kamayala pamwamba pake ikangokhudzana ndi mpweya kamafuna madigiri opitirira 2,000. Ndiye mkati mutha kusungunuka pamwamba pakuoneka bwinobwino, komanso siifiira ngati chitsulo kuti ikuchenjezeni ayi, mumangoona yagwa yasiya chibowo. Ma rodi wamba owotcherera geti sagwira pamenepa, musalole munthu ayesere pa injini yanu.

Choyamba tsukani malowo, palani penti ndi sandipepa, mupeze pomwe mng'aluwo wathera. Maso amanama abale anga, mng'alu umapitirira pomwe mukuganiza kuti watha. Pakani palafini pang'ono, dikirani alowe, pukutani pamwamba paume kenako mupake choko yophwanya. Palafini wotsala mkati amatuluka n'kujambula kamzere konyowa pa chokopo, ndiye mwauona wonse. Kumapeto kwenikweni kwa kamzereko bowolani kabowo ka mamilimita 3 kuti mng'aluwo usayendenso. Anthu amalumpha zimenezi poti zikuoneka zazing'ono koma kabowo kameneka n'kofunika zedi.

Mng'alu ukakhala kuti wakwera mpaka pathupi pa giya bokosi, pomwe pamakhala oyilo ndi ma bering'i, imeneyo ndi ntchito ina. Apo pafunika kuphwasula zonse, ndipo nthawi zambiri ndi bwino kungosaka mwendo wina chifukwa kutentha kukapotoza malo a ma bering'i magiya ayamba kudyana. Ngakhale mng'alu uli kumunsi kwa chipsepse, chotsani pulopela, tsanulani oyilo, ndipo kumtundako kulungani chisanza chonyowa kuti moto usakapsereze ma seal, timphira totchinga madzi ndi oyilo tija.

Ngati changopindika, musachimenye ndi hamala chili lende. Aluminiyamu ya pamenepa ndi yothira mu chikombole, siipirira kupindidwa uku ndi uku, imathyoka. Ikani thabwa lolimba kuseri, tenthetsani pang'ono, muziwongola pang'onopang'ono ndi hamala ya mphira kapena sipanala yaikulu yoti igwire malo otakata, osafuna kumaliza kamodzi n'kamodzi. Kupindika pang'ono koti boti silikukokera mbali imodzi, ine ndinganene kuti kusiyeni.

Tsopano pokonzekera kuwotcherera, apa ndi pomwe pagona ntchito yonse. Kumbani mng'aluwo ndi tupa ukhale ngati V, mbali zonse ziwiri ngati n'kotheka, kuti chowotcherera chilowe mpaka mkati osati kungomata pamwamba. Disiki ya giraindala yomwe yadulapo chitsulo musayigwiritse, imasiya tizitsulo mkati. Pukutani ndi acetone, mankhwala ochotsera mafuta, mpaka nsalu izituluka yoyera, palafini uja atheretu, kenako mukwecheze ndi burashi ya stainless yomwe sinagwirepo ntchito pa chitsulo china chilichonse, ndipo mukakwecha musachedwe poti kachikopa kaja kamabwereranso. Aluminiyamu yothira imamwa mafuta m'timabowo take, ndiye mukaitenthetsa pang'ono muona ikutuluka thukuta lakuda, pukutaninso, bwerezani mpaka isiye. Chonde mankhwala otsukira mabuleki ena ali ndi chlorine, akakumana ndi moto wowotcherera amatulutsa mpweya wa poizoni woti utha kupha munthu, asayandikire ntchito imeneyi.

Mmisiri woyenera ndi wokhala ndi makina owotcherera otchedwa TIG, oyendera magetsi a AC, ndi silinda ya mpweya wa argon. Mufunseni mosachita manyazi, achimwene makina anu ndi a AC? waya muli nawo wanji? Wodziwa ntchito sakwiya nalo funso limeneli. Pa chipsepse pafunika waya wowotcherera wa 4043, uli ndi silicon ndipo umayenda bwino pa aluminiyamu yothira. Waya wa 5356 ndi woyenera malata a thupi la boti la aluminiyamu. Ngati pafupi palibe makinawo, masulani mwendo wokhawo mupite nawo ku Blantyre, thiransipoti imawawa inde koma siingafanane ndi mtengo wa mwendo watsopano. Mmisiri adonthezere kaye m'malo angapo kuti chigwirane mowongoka, kenako aziwotcherera pang'ono n'kupumira, mbali iyi kenako inayo. Pomwe pabenthuka adule chidutswa cha aluminiyamu chokhuthala mofanana alumikize, kapena ayike kapuleti ka kopa kuseri n'kumadzazira, aluminiyamu siimamatira pa kopa. Akamaliza chizizire chokha, osachiviika m'nyanja.

Pali zina zoti kuwotcherera sikuzithandiza kwenikweni. Aluminiyamu yamphamvu ngati 6061-T6, imene amapangira ma ngodya ndi mipiringidzo, imafooka kwambiri m'mbali mwa pomwe pawotchereredwa ndipo imadzang'alukanso pompo. Ku Canada amene amayendetsa ma snowmobile, tinjinga tamoto toyenda pa chipale chofewa, amakumana nazo zomwezi, njanji za aluminiyamu zapansi zikang'aluka ena amabowola kumapeto kwa mng'alu n'kumanga chigamba ndi mabawuti, kapena kungosintha njanjiyo. Nafenso pa mpando wa boti kapena chogwirizira china chosalowa madzi tichite chimodzimodzi, mapuleti awiri a aluminiyamu uku ndi uku opitirira mng'aluwo mbali zonse, ngodya zake zozungulira, mabawuti a stainless okhala ndi mawasha ndi manati osamasuka okha, opakidwa girisi. Mabawuti a kopa kapena brass ayi, amadya aluminiyamu pakakhala chinyezi.

Tibwerere ku chipsepse chija. Chikazizira salazani ndi tupa chibwerere m'maonekedwe ake, kutsogolo kosalala kuti madzi azifika bwino pa pulopela, koma musadye kwambiri mpaka kuchepetsa pomwe pawotchereredwa. Bwerezani za palafini ndi choko zija muone ngati patsala kabowo, tsukaninso, pakani pulaimala wa aluminiyamu kenako penti. Zungulitsani shafuti ya pulopela ndi dzanja muone ngati sikuvina, poti mwala womwe wathyola chipsepse umathanso kupinda shafuti. Thirani oyilo watsopano kuchokera kubowo lapansi mpaka atulukire lapamwamba, muike mawasha atsopano pa masikulu otsekera mabowowo. Mukabwerako ulendo woyamba masulani pang'ono sikulu yapansi muone oyiloyo, akakhala woyera ngati mkaka ndiye kuti madzi akulowa, sinthani ma seal musanapitenso ku usipa.