Kuthamanga ndi wotchi yoyeza mtima pamsewu wa ku Senga Bay

Ine ndimathamanga mbandakucha kuchokera pa Kamuzu Road kulowera ku Senga Bay, ndipo wotchi yoyeza kugunda kwa mtima ndi imene inandiphunzitsa kuleka kudzipanikiza.

Yambani ndi masamu: chotsani zaka zanu pa 220. Ine ndili ndi zaka 38, ndiye malire a kugunda kwa mtima wanga ndi 182 pa mphindi, ngakhale nambalayi ndi yongoyerekeza. Masiku ambiri ndimakhala pakati pa 125 ndi 140, moti ndimatha kulonjerana ndi akabaza osabanika. Zopitirira 160 ndimasungira tsiku limodzi pa sabata.

Wotchi muimange mothina pang'ono, pamwamba pa kafupa ka padzanja. Ikakhwepa, kuwala kobiriwira kwa kunsi kwake, komwe kumayeza kugunda kwa mtima, kumawerenga zabodza. Lamba woyeza mtima womanga pachifuwa ndiye amalondola kwambiri, koma muyambe mwamunyowetsa ndi madzi.

Kutentha kwa Okutobala kuno ku Salima kumathamangitsa mtima ngakhale liwiro lili lomwelo. Musalimbane nako, chepetsani mwendo, imwani madzi. M'mawa ndimayang'ana nambala ndisanatsike pabedi. Ikakwera ndi 10 kuposa masiku onse, nsapato zimapuma tsiku limenelo. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, imani pompo, mupite kuchipatala.