Likodzo silithera mu mkodzo, amayi ndi abambo a kunyanja timvane

Kuno ku Mangochi mwana wamwamuna akayamba kukodza magazi sitidabwa nkomwe, ena mpaka amati nchizindikiro choti mnyamata wakula, basi nkhani yathera pompo. Ine ngati mlangizi wa zaumoyo zimenezi zimandiwawa, chifukwa likodzo limene tikulitenga ngati nthenda ya ana a sukulu ndi lomwelo likusokoneza maukwati a akuluakulu kuyambira ku Makanjira, Malindi, kuzungulira Mpondasi, Namiasi, Nkope mpaka ku Msaka ndi Chembe, osaiwala anzathu a ku Malombe. Likodzo limalowa mu ziwalo zoberekera, za amayi ndi za abambo zomwe, nde likafika kumeneko anthu amayamba kulozana zala kuti wina wabweretsa matenda mnyumba pomwe wolakwa ndi madzi amene tonse timasamba tsiku ndi tsiku.

Tiyambe ndi mmene limayendera. Munthu wa likodzo akakodzera mmadzi, mazira amene ali mu mkodzomo amaswa, tizilombo totulukamo timakalowa mu nkhono zazing'ono zija zimakonda mmabango, mu udzu wa mmadzi ndi mmalo odikha. Pakapita masabata angapo nkhono ija imayamba kutulutsa tizilombo tina tambirimbiri tosaoneka ndi maso, makamaka masana dzuwa likatentha, ndipo timeneti sitidikira kuti mumwe madziwo ayi, timaboola khungu pa mphindi zochepa chabe mukamachapa, kutsuka mbale, kutawaza kapena kukoka khoka. Mkati mwa thupi timakula nkukhala nyongolotsi zimene zimakhala mmitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo zimatha kukhalamo zaka zingapo zikuikira mazira daily. Mazira ena amatuluka ndi mkodzo, ndi aja amabweretsa magaziwa. Koma ambiri satuluka. Amakakamira mmnofu, ndipo poti mitsempha ya chikhodzodzo ndi yolumikizana ndi ya chiberekero, khomo la chiberekero, njira ya abambo ndi machubu odutsa dzira, mazirawo amakakhala kumeneko thupi nkumalimbana nawo mpaka pamapangika tizilonda ndi zipsera.

Izi sizongomva za kunja, kafukufuku wake anachitikira konkuno. Mu 1996 madokotala anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachitira pa chipatala cha Mangochi, anayeza amayi 51 amene anali ndi likodzo la mu mkodzo, ndipo 33 mwa iwo anawapeza ndi mazira a likodzo mu ziwalo zoberekera. Tangoganizani, amayi awiri mwa atatu aliwonse. Kafukufuku ameneyu ndi mmodzi mwa amene anatsegula maso dziko lonse pa nkhaniyi, koma eni ake a Mangochi ambiri mpaka lero sanamvepo. Masiku ano akatswiri amayerekeza kuti amayi ndi atsikana pafupifupi 56 miliyoni mu Africa muno kumwera kwa Sahara ali ndi vutoli.

Nde mayi amamva bwanji? Kuyabwa kumaliseche, chikazi chosasintha olo mumwe mankhwala, kupweteka mmunsi mwa mchombo, kumva kuwawa pokhala malo amodzi ndi bambo, kutuluka timagazi mukatha, kapena kuona magazi pakati pa mwezi musanafike nthawi yosamba. Muone bwino zizindikiro zimenezi, ndi zomwezo zimene aliyense amati ndi matenda opatsirana pogonana. Mayi amapita ku kiliniki, amalandira jakisoni ndi mapilitsi a matenda opatsirana, amauzidwa kuti akabwere ndi bambo, kunyumba kumabuka mkangano, pakatha mwezi zizindikiro zili pompo, amabwereranso, chimodzimodzi. Ena amatopa nkupita kwa azakhali kapena kwa asing'anga kukawauza kuti ndi mauka, nkuyamba zodulana ndi lezala, zimene zimangowonjezera chilonda pamwamba pa chilonda. Chimene chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi mtsikana wa zaka 12 kapena 13 amene sanadziwepo mwamuna, akadandaula zoyabwa ndi chikazi amayamba wakalipiridwa kuti wayamba zibwenzi, nde mwana amaphunzira kukhala chete. Amayi, mwana wanu akakuuzani zotere funso loyamba likhale loti amasamba kuti, osati wagona ndi ndani.

Zipsera zija zikafika mmachubu ndi pamene pamabwera zokhoma kwambiri. Mimba imatha kukhala mu chubu mmalo mokhala mchiberekero, imeneyo ndi ngozi yoti mayi atha kutaya moyo ngati sanathamangire naye ku chipatala. Ena amangopita padera, ena mimba osabwera nkomwe, ndipo tikudziwa tonse mmene zimathera kuno, mayi amatchedwa chumba, achibale a mwamuna amayamba kunong'ona, bambo nkukatenga wachiwiri. Sindikunena kuti aliyense wosabereka ndi likodzo ayi, zifukwa zilipo zambiri, koma kwa munthu amene wakulira pa gombe nchinthu choyenera kuchiganizira msanga. Pali nkhani ya HIV nayonso. Tizilonda tija ndi khomo lotsegula, ndipo kafukufuku wa ku Zimbabwe ndi ku Tanzania anaonetsa kuti amayi amene ali ndi likodzo la kumaliseche amapezeka ndi HIV kwambiri kuposa anzawo, katatu kapena kupitirira apo. Pa madoko athu pamene pali kale nkhani za usipa wosinthana ndi thupi, zimenezi si zoseka.

Abambo musaganize kuti mwapulumuka. Cha mu 2017 ndi 2018 Dr Sekeleghe Kayuni ndi anzake a ku Liverpool School of Tropical Medicine anayeza asodzi a mmbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, osati mkodzo wokha koma umuna umene. Poyang'ana ndi makina oonera tizilombo, pafupifupi msodzi mmodzi mwa khumi aliwonse anali ndi mazira a likodzo mu umuna, ndipo atagwiritsa ntchito njira ina yamphamvu yoyezera chiwerengero chinakwera kupitirira mmodzi mwa anayi. Ena mwa iwo mu mkodzo simunaoneke kanthu. Nde bambo ngati umuna ukutuluka ndi magazi, kapena wasintha mtundu, kapena mukumva kuwawa pothira, kupweteka kwa machende, musathamangire kugula makapisozi pa golosale kapena kumenya mkazi wanu kuti wakupatsani chinzonono. Likodzo silipatsirana pogonana, aliyense amalitenga yekha mmadzi.

Funso limene anthu achikulire amandifunsa nloti bwanji kale mbali zina za nyanja kunalibe zimenezi. Ali ndi mfundo. Ku Chembe akatswiri monga Jay Stauffer ndi Henry Madsen anatsata nkhaniyi kwa zaka zambiri kuyambira mzaka za mma 1990, ndipo anaona kuti nsomba zodya nkhono, makamaka ina yotchedwa Trematocranus placodon, zitachepa mmadzi osaya chifukwa cha kukoka makoka a maso ang'onoang'ono mmphepete, nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka ngakhale pa mchenga poyera pamene anthu ankati mpabwino. Apa ndi pamene ndimakangana ndi anzanga okokera neti ya udzudzu mmadzi. Neti imeneyo inabwera kuti mayi woyembekezera asadwale malungo, inu mwaitenga mwakakokolola tiana ta nsomba zimene zikanadya nkhono, nde mwaluza kawiri, malungo mnyumba likodzo pa gombe. A komiti ya pa doko nkhaniyi ndi yanunso, si ya a fisharizi okha.

Zinthu zikusinthabe. Mu 2017 ofufuza anapeza kuno ku Mangochi mtundu wina wa nkhono wotchedwa Biomphalaria umene kale sunkadziwika mbali ino ya nyanja, ndipo umenewu umafalitsa likodzo la mmatumbo, lija limayenda ndi chimbudzi nkumatupitsa chiwindi ndi kapamba, ndipo atayeza ana a mmasukulu a mmbali mwa nyanja analipezadi. Mu 2021 pulojekiti ya HUGS, ya a Liverpool aja pamodzi ndi bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Malawi Liverpool Wellcome, inayamba kufufuza ku Mangochi ndi ku Nsanje za likodzo la ng'ombe limene likumakwatirana ndi la anthu. Choncho pamene ng'ombe zimamwera ndi kusiya ndowe si pamalo poti ana azisewera kapena amayi azichapa. Onjezani kusefukira kwa nyanja kwa zaka zapitazi, 2024 madzi analowa mpaka mmakomo ndi kumiza zimbudzi, madzi odikha anali ponseponse, nkhono zinapeza malo atsopano.

Tsopano tichite chiyani, poti kuuza munthu wa ku Malindi kuti asakhudze nyanja nkungotaya malovu, nyanja ndiye munda wathu, bafa lathu, zonse. Chimene chimatheka ndi ichi. Tizilombo tochoka mu nkhono tija sitikhala moyo nthawi yaitali tikapanda kupeza munthu, pakatha masiku awiri timakhala tafa. Nde madzi osamba ndi ochapira tungani, ikani mu diramu kapena mu ndowa zovindikira, asiyeni masiku awiri athunthu, atatu ndi bwino koposa, bola musatungire limodzi ndi nkhono kapena zinyalala za mmadzi. Mukhale ndi zotengera ziwiri kapena zitatu zosinthana, ina mukugwiritsa ntchito ina ikudikira. Ngati mwafulumira, tenthetsani madziwo mpaka atenthe ndithu kwa mphindi zisanu kenako muwasiye azizire okha, osawazizira ndi madzi a kunyanja omwe mwangotunga kumene, apo mwabweza zomwe munachotsa. Klorini uja tinazolowera nthawi ya kolera mu 2022 ndi 2023 amaphanso tizilomboti, thirani mulingo wake nkudikira theka la ola. Pamene pali mjigo, mwana wakhanda ndi wa zaka ziwiri zitatu asambitsidwe ndi madzi a pa mjigo, chizolowezi chomukhazika mwana mmadzi osaya mayi akuchapa ndi chimene chimayambitsa matenda mwana asanayambe ndi sukulu yomwe. Potunga pitani mmamawa kwambiri, tungani msanga nkutuluka, kuchapa kuchitikire kumtunda. Kudzipukuta ndi nsalu mukangotuluka kumathandizako pang'ono koma musadalire zimenezo.

Mankhwala alipo, ndi praziquantel, aja amaperekedwa mmasukulu atamuyeza mwana kutalika pa ndodo. Vuto nloti akuluakulu timaona ngati ndi za ana, kampeni ikafika mmudzi abambo ali pa nyanja, amayi akuti ndilibe magazi mu mkodzo. Kusaona magazi sikutanthauza kuti mulibe. Imwani nthawi iliyonse akabwera nawo, ndipo idyani kaye nsima kapena phala lokhuta, chifukwa pa mimba ya njala amazunguza mutu ndi kupotokola mmimba, nchifukwa chake ana ena amagwa ku sukulu makolo nkuyamba mphekesera. Zoti mapilitsiwa ndi olera mobisa ndi bodza lenileni, chimene chimatseka mimba ndi likodzolo. Malangizo a 2022 a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, amalola ana kuyambira zaka 2, amayi oyamwitsa, komanso oyembekezera amene mimba yapitirira miyezi itatu, koma woyembekezera auze anesi za mimbayo asanamwe.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimafuna muzidziwe za mankhwalawa kuti musadzakhumudwe. Amapha nyongolotsi zikuluzikulu, koma sakutetezani kuti musatengenso, mukabwerera mmadzi omwewo mawa zayambiranso, nchifukwa chake kumwa kamodzi zaka zisanu zapitazo sikuwerengedwa. Chinanso, zipsera zakalekale mu chiberekero sizichoka zonse olo nyongolotsi zife. Apa ndiye chifukwa chake ndimalimbikira za atsikana ang'onoang'ono, mtsikana amene akumwa mankhwala chaka ndi chaka kuyambira ali wamng'ono amafika pa msinkhu wobereka ziwalo zake zisanaonongeke kwambiri. Nde kholo limene limauza mwana kuti lero usapite ku sukulu kukubwera mankhwala, likumulakwira mwanayo pa za mtsogolo zimene iye sangazione pano. Atsikana amene anasiya sukulu, aja akuyanika usipa pa thandala, amadumphidwa kawirikawiri, mafumu ndi mashehe tithandizeni kuwaitana.

Mukapita ku chipatala ndi zizindikiro ndatchula zija, nenani nokha osadikira kufunsidwa, kuti adokotala ine ndimasamba ndi kuchapa mnyanja, kapena ndinakulira ku Malombe, mwina lingakhale likodzo. Mzipatala zathu anthu amakhala ambiri, nthawi yochepa, ndipo vutoli silinaphunzitsidwe mokwanira kwa azaumoyo ambiri mu Africa muno, nde mawu anu amodziwo atha kusintha mankhwala amene mulandire. Yezetsanibe matenda opatsirana ndi HIV chifukwa zimatha kukhalira limodzi, ndipo amayi mukamakayezetsa khansa ya khomo la chiberekero mutchulenso za nyanjazi, poti tizilonda ta likodzo nthawi zina timafanana ndi zizindikiro zoyamba za khansa. Banja limene likusowa mwana lipite onse awiri, bambo ayezedwenso.

Chotsala ndi mkodzo ndi chimbudzi. Nkhono payokha ilibe matenda, imadikira kupatsidwa ndi munthu kapena ng'ombe. Asodzi mukamanyamuka ndi bwato yambani mwadzithandiza kumtunda, ana aphunzitsidwe kukodza asanalowe mmadzi kukasambira, ndipo pa doko lililonse pamene pamasonkhana anthu mazanamazana nthawi ya usipa pafunika chimbudzi chogwira ntchito, chokumbidwa patali ndi pofika madzi nyanja ikadzaza. Ndalama zimene komiti imatolera kwa ogula nsomba zitha kumanga chimbudzi cha zitseko ziwiri nkumalipira munthu wochisamala, nkhaniyi muikambe pa msonkhano wa komiti mvula isanayambe.