Mmene Mungakonzere ndi Kulongedza Njinga Yokwera Nayo Ndege

Anthu ambiri amene amagula njinga yakapalasa ku Johannesburg kapena ku London amafuna kubwera nayo kumudzi pa ndege, ndipo chimene chimaiwononga panjira nthawi zambiri ndi zitsulo zake zomwe, zikamagundana m'katoni. Choncho ntchito yonse yolongedza ndi yoonetsetsa kuti chilichonse chakhazikika osagwedera.

Musanagwire sipanala, funsani kampani ya ndege, makamaka pogula tikiti. Makampani ambiri amalola makilogalamu 23 pa katundu mmodzi, ndipo wopitirira makilogalamu 32 kawirikawiri salandiridwa ngakhale mutafuna kulipira. Njinga yamagetsi ndi nkhani ina, chifukwa batire ya lithium yoposa 160 Wh (muyezo wa kuchuluka kwa mphamvu imene batire imasunga) siloledwa m'ndege zonyamula anthu, pamene mabatire a njinga zambiri zotere amaposa pamenepo.

Kenako pezani katoni yolimba. Masitolo ogulitsa njinga amakhala ndi makatoni amene njinga zatsopano zimabweramo, ndipo ndi bwino kupemphanso timapulasitiki totetezera foloko. Tsukani njingayo, muijambule mbali zonse, ndipo mumate tepi pa chitsulo cha chishalo kuti mudzadziwe msinkhu wake pomanganso.

Yambani ndi mapedalo, pogwiritsa ntchito sipanala ya mamilimita 15 kapena Allen key. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: pedalo lakumanzere limamasuka mukamalizunguliza mmene imayendera mivi ya wotchi, mosiyana ndi lakumanja, ndipo wolikakamiza molakwika amangolimangitsa mpaka kuwononga mazinga ake. Chotsani chishalo ndi wilo lakutsogolo, muike chotchinga pakati pa miyendo ya foloko kuti isapanikizike, ndipo mumasule handulo n'kuimangirira m'mbali mwa felemu popanda kupinda nthambo za mabuleki.

Mbali yofunika kuisamala kuposa zonse ndi kachipangizo kosinthira magiya ka kuwilo lakumbuyo. Kamatulukira kunja, kotero katoni ikagwetsedwa chammbali ndi iko kamayamba kupindika, ndipo magiya sadzalowanso bwino. Kamasuleni pa felemu, mukakulunge ndi nsalu, kenako mukamangirire mkati pamodzi ndi tcheni. Ngati mabuleki ndi a disiki oyendera mafuta, lowetsani kachidutswa ka katoni pakati pa mapadi, chifukwa buleki ikafinyidwa wilo palibe, mapadiwo amatsekana.

Phwetsani matayala pang'ono. Mpweya wa m'chipinda cha katundu suphulitsa tayala monga ambiri amaopera, koma makampani ena amafunabe kuti aphwetsedwe, ndipo kukangana nawo pa kauntala n'kutaya nthawi; siyani mpweya wochepa woteteza limu. Kulungani felemu, muike katoni pakati pa wilo ndi felemu, ndipo mabawuti ndi mapedalo akhale m'kathumba komangirira. Mukatseka, gwedezani katoniyo: mukamva kanthu kakugogoda, tsegulani n'kukamanganso. Lembani dzina ndi nambala ya foni kunja ndi mkati, ndipo muiyeze pa sikelo.

Fikani pa bwalo la ndege msanga, popeza katundu wamkulu ali ndi malo ake operekera, ndipo tengani tepi yapadera poti achitetezo angatsegule katoniyo. Mukatsika pa Kamuzu International Airport kapena ku Chileka, ionetsetseni musanatuluke, ndipo ngati yaphwanyika kanenereni pomwepo. Pangano la Montreal la 1999, lomwe ndi la pakati pa mayiko pa za maulendo a pa ndege, limapereka masiku 7 okha odandaula mwa kalata pa katundu woonongeka.