Momwe mungasankhire trigger yatsopano ya mfuti ya semi-automatic yolasira patali

Mfuti zambiri za mtundu wa AR-15 ndi AR-10, zimene ndi za semi-automatic (zodzilowetsera zokha chipolopolo china mukawombera), zimachoka kufakitale ndi trigger (kachitsulo kamene chala chimakoka powombera) yolimba komanso yokhakhala. Ija amati mil-spec, ya muyezo wa asilikali, imafuna mphamvu ya mapaundi pakati pa 5.5 ndi 8.5, kapena kuti makilogalamu 2.5 mpaka pafupifupi 4, kuti mfuti ikhethemuke. Kwa msilikali wothamanga nayo m'fumbi, zala zitauma ndi kuzizira, kulimbako n'chitetezo. Koma mukagona chafufumimba kufuna kulasa chandamale chimene chili pa mamita 600, chala chikamalimbana ndi chitsulo cholimba chotere mfuti yonse imasuntha chipolopolo chisanatuluke. N'chifukwa chake ambiri akangogula scope, galasi loonera patali lija, chotsatira chimakhala trigger. Ndikulemba izi poganiza kuti mfutiyo muli nayo mwalamulo ndipo mumadziwa kale kuimasula.

1. Yambani mwayang'ana mfuti yanuyo, osati zithunzi za ogulitsa

Yezani mapini awiri amene amagwira trigger ndi hammer, kachitsulo kamene kamamenya kuti chipolopolo chiphulike. Pa mfuti zambiri za AR ndi a inchi 0.154, koma kampani ya Colt kwa zaka zingapo inkapanga mfuti za anthu wamba zokhala ndi mapini aakulu a inchi 0.170, ndipo zakalezo zikadalipo. Trigger ya mapini aang'ono singakhale pamabowo aakulu. Ngati mfuti yanu ndi SCAR kapena M1A, za AR ziiwaleni, chifukwa iliyonse ili ndi zakezake.

2. Single-stage kapena two-stage

Ya single-stage ilibe poyambira: chala chikangokhudza chapeza kale polimba, mukawonjezera mphamvu yakhethemuka. Ya two-stage imayamba yayenda kamtunda mofewa, kenaka imaima. Pamenepo mutha kudikira, kupuma, kuona ngati mphepo yasintha, ndipo mukafuna mutha kubweza chala osawombera. Mukatsimikiza, kamphamvu kochepa kokha kamamaliza ntchito. Yabwino imaduka ngati kamtengo kouma, thyo, popanda kukwekwereza.

Polasa patali ine ndimasankha two-stage, ndipo si chifukwa chongozolowera. Pa mfuti ya semi-automatic, bolt carrier (chitsulo chonyamula bolt, imene imatsekera chipolopolo) imabwerera m'mbuyo mwamphamvu, kukankha hammer, kenaka n'kudzimenyetsa kutsogolo, ndipo izi zimachitika pa chipolopolo chilichonse. Kuti hammer isapulumuke ndi kugwedezekako, sear, malo amene amakola hammer mpaka mutakoka trigger, iyenera kuigwira pamalo aakulu. Two-stage imagwira pamalo aakulu mfuti ikakhala chete, ndipo gawo loyamba la kukoka ndi limene limachepetsa malowo mpaka patatsala kam'mphepete. Single-stage ikafuna kukhala yopepuka komanso yoduka bwino, imayenera kugwira pang'ono kuyambira pachiyambi. Zilipo zabwino, monga za makampani a Timney ndi CMC, ndipo a mipikisano yowombera mothamanga amazikonda, koma imeneyo ndi ntchito ina.

3. Kulemera kwake

Apa ndi pamene anthu amakokeka ndi manambala. Anzathu a mfuti za bolt-action, zokoka bolt ndi dzanja pa chipolopolo chilichonse, amatsitsa trigger mpaka pansi pa paundi imodzi, ndiye wina amafuna zomwezo pa AR-10 yake. Musatero. Trigger yopepuka kwambiri, yobwerera pafupi, mukaiphatikiza ndi phewa losakhazikika bwino pa bipod (timiyendo tiwiri tochirikiza mfuti), mfuti ikakankha n'kubwerera imadzigunditsa yokha pa chala chanu ndipo zipolopolo zimatuluka ziwiri inu mukufuna chimodzi.

Mapaundi 3 mpaka 4.5 ndi okwanira. Trigger ya Geissele SSA-E ndi ya mapaundi pafupifupi 3.5 magawo onse awiri pamodzi, ndipo gawo lachiwiri limangoposa paundi imodzi pang'ono. LaRue MBT-2S ndi ya mapaundi pafupifupi 4.5, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa Geissele, mwakuti ndalama zotsalazo ndi bwino kugulira zipolopolo zoyeserera. TriggerTech ya ku Canada inatenga njira ina, imaika kachitsulo kogubuduka pakati pa zitsulo zogwiranazo kuti zisakwechesane. Ngati mukufuna kulowa mipikisano ya Service Rifle ya ku America, lamulo lawo limati trigger isachepere mapaundi 4.5, ndipo amayeza ndithu. Mukapita ndi yopepuka mudzangokhala woonerera.

4. Mphamvu ya hammer ndi zipolopolo zimene mumagwiritsa ntchito

Gawo ili ndi limene ogulitsa satchula, ndipo ndi limene linandidyera nthawi. Njira yachidule yopeputsira trigger ndi kufewetsa sipuling'i ya hammer. Sipuling'i ikafewa, hammer siikanikiza sear mwamphamvu, chala chimamva kupepuka, ndipo nambala ya pa paketi imaoneka yokongola. Koma hammer yomweyo ndi imene iyenera kumenya firing pin, kamsomali kogogoda chipolopolo, kuti primer, kachivundikiro koyatsa wonga kumbuyo kwa chipolopolo, iphulike.

Ndinaika trigger ina ya drop-in, yobwera yomangidwa kale, pa mfuti ya AR ya zipolopolo za .308. Pa paketi panalembedwa kuti imalowa pa AR iliyonse, ndipo kulowa inalowadi. Poyesa popanda zipolopolo inali yokoma zedi. Tsiku loyamba ndinali ndi zipolopolo za match, zopangira mipikisano, zinayenda bwino zonse. Nditasintha n'kuika za 7.62x51 za mtundu wa asilikali, zinayamba: kuwombera, kuwombera, kenaka khethe, zii. Kudikira kaye mfuti italoza kuchandamale, kutulutsa chipolopolo, kuona primer ili ndi kachizindikiro kosazama. Kuchibwezera, n'kuphulika ulendo wachiwiri. Ndinayamba ndakayikira zipolopolozo. Kenaka ndinatsuka bolt yonse, ndinasintha firing pin, ndinafika mpaka poyezetsa headspace, mpata umene chipolopolo chimakhalamo bolt ikatseka. Zonse zinali bwino. Nditabwezera trigger yakale ija ya kufakitale, yolimba ndi yonyansayo, vuto linatheratu.

Nkhani yake ndi iyi. Zipolopolo za asilikali zimakhala ndi primer yolimba mwadala. Pa mfuti za AR, firing pin ya zambiri imangoyandama, ndiye bolt ikatseka imagogoda primer pang'ono, ndipo primer yofewa kwambiri ikhoza kuphulika isanakwane nthawi. Kuwonjezera apo, firing pin ya AR-10 ndi yaikulu ndi yolemera kuposa ya AR-15, ndipo pa mfuti zina za .308 imakhala ndi kasipuling'i kake koibweza m'mbuyo. Hammer yofooka imene ingakwanitse pa zipolopolo za .223 za AR-15 ikafika apa imaperewera.

Choncho musakhutire ndi mawu akuti "imalowa". Funani pamene wopanga walemba yekha kuti trigger imeneyo ndi ya .308 kapena AR-10, komanso kuti sipuling'i ya hammer ndi ya mphamvu yonse. Makampani ena amagulitsa mtundu wa AR-10 padera pa chifukwa chomwechi. Ena amaika masipuling'i awiri m'paketi, ndipo muyenera kuwerenga kuti yowonjezerayo ndi ya trigger kapena ya hammer. Kusintha ya trigger kumasintha kulemera kwa kukoka, kufewetsa ya hammer kumakhudza kuphulika kwa chipolopolo. Ndipo poyesa, tengani zipolopolo za primer yolimba kwambiri mwa zimene muli nazo, osati zokhazo zodula zimene mumazisunga.

5. Ya drop-in kapena ya zidutswa

Ya drop-in imabwera yomangidwa kale m'kabokosi kake, mumangoitsitsira mkati. Ndi yosavuta, koma ili ndi kakhalidwe kake. Pa trigger wamba, miyendo ya sipuling'i ya hammer imakhala m'kamzera ka pini n'kuigwira kuti isatuluke. M'kabokosi muja zimenezi palibe, ndiye pamafunika timasikuluu tomangira kapena mapini a anti-walk, opangidwa kuti asatuluke okha. Mukapanda kutero pini imatuluka pang'onopang'ono. Chinanso, primer ikathothoka pa chipolopolo chotentha n'kugwera m'kabokosimo, kuichotsa ndi ntchito. Ya zidutswa imavuta pang'ono poika, koma imatsukika mosavuta, makamaka ngati mumagwiritsa ntchito suppressor, chochepetsa phokoso la mfuti, imene imabweza mwaye wambiri mkati.

Za chogwira chala, chowongoka kapena chokhota, tsatirani zimene mkombaphala wanu wakonda. Sizilasitsa chandamale.

6. Kogula

Mayina odziwika ali ndi feki zambiri pa intaneti. Chizindikiro cha kampani amachikopera bwinobwino, chimene sakopera ndi chitsulo. Zenizeni zambiri zimadulidwa ku chitsulo cholimba monga S7, pamene za feki ndi zofewa, m'mphepete mwa sear mumaperepeseka msanga ndipo mfuti imayamba kuwombera kawiri. Mtengo ukakhala wotsika modabwitsa, wogulitsa alibe adiresi, zithunzi n'zobedwa, pitirirani. Yakale yogula kwa munthu muiyang'anitsitse ngati sanaipale ndi fayilo. Malo ogwiranawo amalimbitsidwa pamwamba pokha pa ma trigger ambiri a kufakitale, ndipo wopalayo amachotsa kulimbako.

7. Kuika ndi kuyesa

Kuika sindikambapo zambiri, pepala la m'paketi limafotokoza. Pakani girisi pang'ono pa sear. Mfuti ilibe chipolopolo, upper (gawo lakumwamba la mfuti) mutachotsa, tchingani hammer ndi chala chachikulu kuti isamenye lower (gawo lakumunsi). Pa safe, kokani mwamphamvu: isagwe. Pa fire, kokani: igwe. Musasiye trigger, bwezerani hammer m'mbuyo, disconnector, kambedza kogwira hammer chala chikadali pa trigger, iigwire. Tayani chala pang'onopang'ono, mumve khethe, hammer ikhalebe m'mbuyo. Bwerezani kangapo. Ngati muli ndi selector (kachitsulo kosinthira pakati pa safe ndi fire) ya madigiri 45, onetsetsani kuti safe ikugwiradi, chifukwa si zonse zimene zimagwirizana.

Kumalo owomberako yambani ndi chipolopolo chimodzi m'magazini, kenaka ziwiri, kenaka zitatu. Zikatuluka ziwiri pa kukoka kumodzi, siyani pomwepo ndipo mfutiyo ipite kwa katswiri wokonza mfuti. Zikayenda bwino, yang'anani mapini mukatha magazini oyamba, mumangenso timasikuluu ngati tamasuka.