Kugwira cut mu JavaScript osataya zomwe munthu walemba

Munthu akasankha mawu n'kudina Ctrl+X, kaya Cmd+X pa Mac, kaya pa foni wadina Cut pa kamenyu kaja kamatulukira pamwamba pa mawu, browser imatulutsa event yotchedwa cut ndipo apa ndi pomwe inu mumalowerera.

Tinene kuti muli ndi textarea, bokosi lolembamo manambala a foni lomwe mu kodi talitcha box, ndiye mukufuna kuti munthu akadula nambala, ma space onse achoke isanafike ku clipboard, komwe mawu odulidwa amasungidwa kudikira paste.

```
box.addEventListener("cut", e => {
  const a = box.selectionStart, b = box.selectionEnd;
  const mawu = box.value.slice(a, b).replace(/\s/g, "");
  e.clipboardData.setData("text/plain", mawu);
  e.preventDefault();
  box.setRangeText("", a, b, "end");
});
```

Mzere wa preventDefault uja musauiwale chonde, chifukwa mukausiya browser imangopitiliza zake n'kuika mawu akale aja ndi ma space awo, setData yanu yapita pachabe. Koma nkhani yayikulu ili apa, mukangoitana preventDefault ndiye kuti mwauza browser kuti ikhale pansi, sichotsanso mawu mu bokosimo, ntchito yonse yagwera inu, n'chifukwa chake tamalizira ndi setRangeText. Ambiri amakodwa pomwepa, munthu wadula koma mawu adakali pompo ngati wangochita copy, amabwerezanso kudina mpaka kukwiya.

Ngati si textarea koma ndi div ya contenteditable (yomwe munthu angathe kulembamo), tengani mawu ndi document.getSelection().toString() kenako muwachotse ndi deleteFromDocument(). Pa textarea pokha ine ndimadalira selectionStart ndi selectionEnd basi, getSelection sichita mofanana m'ma browser onse pamenepo.

Dziwaninso kuti setRangeText siyitulutsa input event, ndiye ngati pali kodi ina yowerenga zilembo kapena yosunga zomwe munthu akulemba, muitumize nokha ndi dispatchEvent. Ctrl+Z nayonso muiyese, kuchotsa mawu ndi kodi kumatha kusokoneza undo ndipo zimawawa kwambiri munthu akataya ndime yomwe watenga nthawi kulemba.

Batani lanulanu la "Dula" ndi nkhani ina. Event yopanga nokha siyikhudza clipboard yeniyeni, ndipo document.execCommand("cut") ndi yachikale, anasiya kuilimbikitsa. Gwiritsani navigator.clipboard.writeText, imafuna HTTPS kapena localhost, muiyitane munthu akangodina batanilo, ndipo mawu muwachotse pokhapokha promise yake ikayenda bwino, kuti ikakana munthu asataye chilichonse.