Mmene mungatsatire mbiri ya Son Heung-min osadumpha nkhani ya usilikali

Ambirife Son timamudziwira ku Tottenham basi, ndiye tikamakamba za iyeyu timangowerenga zigoli za mu Premier League n'kuthera pomwepo. Koma wosewera wa ku South Korea mbiri yake ili ndi mbali ina imene ukapanda kuidziwa sungamvetse zambiri, ndipo ine zimandiwawa anthu akamaidumpha. Chitani motere.

Poyamba lembani makilabu ake motsatana ndi zaka zake, apa musachedwepo. Son anabadwa mu 1992 ku Chuncheon, mpira anamuphunzitsa ndi bambo ake Son Woong-jung amene nawonso anali wosewera. Mu 2008 ali ndi zaka 16 anapita ku Germany ku akademe ya Hamburg, mu 2010 anayamba kusewera mu Bundesliga, 2013 anapita ku Bayer Leverkusen, 2015 ku Tottenham, kenako 2025 ku Los Angeles FC ya ku America. Mukatero mwaona kale kuti mnyamatayu sanasewereko timu yaikulu mu ligi ya kwawo, anakulira kunja.

Ku Tottenham musangoona mapeto, onaninso poyambira chifukwa sizoni yoyamba sizinamuyendere mpaka anafuna kubwerera ku Germany, kochi Mauricio Pochettino ndi amene anamunyengerera kuti akhale. Zitatero ndiye zinatseguka, fainolo ya Champions League ya 2019 imene anagonja 2-0 kwa Liverpool, chigoli chija anathamanga ndi mpira kuchokera pafupi ndi golo yawo n'kukachinya Burnley chimene chinamupatsa Puskás Award ya 2020 (mphoto ya FIFA ya chigoli chokongola kwambiri pa chaka), kenako Golden Boot ya sizoni ya 2021-22 imene anagawana ndi Mohamed Salah aliyense zigoli 23. Apa onetsetsani bwino, pa 23 za Son panalibe penate ngakhale imodzi. Chikho ndiye chinachedwa kwambiri, anadikira mpaka May 2025 ku Bilbao pomwe Tottenham inagonjetsa Manchester United 1-0 mu fainolo ya Europa League, iyeyo ali kaputeni.

Tsopano fikani pa nkhani yeniyeni, ndipo apa khalanipo nthawi. Ku South Korea mwamuna aliyense wathanzi amayenera kukagwira usilikali, kwa ambiri ndi miyezi ngati 18, ndipo kukhala wotchuka sikukupulumutsa. Kwa wosewera mpira njira zopewera nthawi yonseyi ndi ziwiri, kupeza mendulo iliyonse ku Olympics kapena mendulo yagolide ku Asian Games (mpikisano wa masewera osiyanasiyana wa mayiko a ku Asia), siliva ku Asian Games sathandiza kanthu. Ndiye mukamawerenga mbiri ya wosewera wa ku Korea, funsani kuti pa mipikisano iwiriyi zinamuyendera bwanji.

Kwa Son yang'anani zaka zitatu izi. Mu 2014 Asian Games inachitikira kwawo ku Incheon, Korea inatenga golide koma iye kunalibe chifukwa Leverkusen inakana kumutulutsa, mpikisanowu suli pa kalendala ya FIFA ndiye kilabu sikakamizidwa. Mu 2016 ku Olympics ya ku Rio anatuluka mu kota fainolo atagonja 1-0 kwa Honduras, Son analira pabwalo pomwepo, ndipo mukamaonera kanema wake dziwani kuti samalirira gemu yokhayo ayi. Inatsala Asian Games ya 2018 ku Indonesia, ali ndi zaka 26, analowa ngati mmodzi mwa akuluakulu atatu amene amaloledwa mu timu ya anyamata osapitirira zaka 23, n'kukagonjetsa Japan 2-1 mu fainolo pa nthawi yoonjezera. Tangoganizani akanagonja tsiku limenelo, mwina Puskás ndi Golden Boot zija sitikanaziona. Komabe sikuti anamasulidwa kotheratu, mu 2020 anakachita maphunziro a usilikali a masabata atatu pa chilumba cha Jeju.

Mukamaliza apo pitani ku timu yaikulu ya dziko, koma muisiyanitse ndi ya Asian Games ija chifukwa ambiri amazisakaniza. Anayamba kuisewerera mu December 2010. Ku World Cup ya 2014 anachinya Algeria ngakhale anagonja 4-2, ya 2018 anachinya Mexico komanso chigoli chachiwiri pa gemu ija anathibula Germany 2-0 ku Kazan n'kuitulutsa mu gulupu. Ya 2022 ku Qatar anasewera atavala chigoba kumaso chifukwa anali atathyoka fupa la pafupi ndi diso pa gemu ya Tottenham ndi Marseille, sanachinye ngakhale chimodzi, ndiye mukangoona manambala munena kuti analephera. Fufuzani kanema wa gemu yawo ndi Portugal muone mmene ananyamulira mpira mtunda wautali m'mphindi zoonjezera n'kumupatsira Hwang Hee-chan kuti achinye cha 2-1, chigoli chimene chinawapititsa mu ndime ya matimu 16.

Asian Cup, chikho cha matimu aakulu a mayiko a ku Asia, musaiiwale, ndi pamene pali bala lalikulu. Korea inatenga chikhochi komaliza mu 1960. Mu 2015 ku Sydney Son anabweza chigoli gemu ikutha koma Australia inapambanabe 2-1 pa nthawi yoonjezera, ndipo kumayambiriro kwa 2024 anatulutsidwa ndi Jordan 2-0 mu semi fainolo. Kwa ine munthu amene akufuna kumufanizira ndi Park Ji-sung, amene anafika semi fainolo ya World Cup ya 2002 n'kudzatenga zikho zambiri ku Manchester United, ayambe waika zonsezi pa tebulo osangoti zigoli zokha.

Njira yomweyi yesani pa anzake, kungoti polemba dzina pa intaneti lembani lonse chifukwa a Kim ndi a Lee ndi ambiri zedi. Kim Min-jae ndi Hwang Hee-chan mudzawapeza mu timu yomwe ija ya Asian Games ya 2018, pomwe Lee Kang-in yake golide anakaipeza ku Hangzhou mu 2023, atagonjetsanso Japan 2-1 mu fainolo.